Za Ziphuphu Zako ndi Zanga, Rozina

Lachinayi masana, kuseri kwa nyumba

Rozina mwana wanga,

Wapita kukatsazika azakhali ako, ndiye ndapeza mpata wokhala pansi ndi cholembera. Mawa lole yochokera ku Makanjira ikadutsa udzakwera, ndipo kalatayi ukaipeza m'kati mwa buku lako la mapemphero ukakafika ku sukulu ya unamwino. Ndikulemba chifukwa nkhani iyi ndikangoiyamba pakamwa, iwe umakumbukira msanga kuti mbuzi sizinamwe madzi.

Malangizo wamva ambiri sabata ino. Azakhali ako akuuza za anyamata a ku Blantyre. Abambo ako akuuza kuti khadi la chipani lizikhala pamwamba m'chikwama, kuti anyamata a pa depoti akalifunsa usachite kukhuthula katundu. Ansembe akuuza zawo. Ine ndasankha nkhope yako, chifukwa ndi nkhani imene ndinaiphunzira ndi thupi langa.

Dzulo posita zovala zako ndinapeza kachubu ka mafuta oyeretsa khungu, kokulungidwa m'pitikoti. Sindinauze abambo ako ndipo sindikukukalipira. Ndinangokhala pa mphasa, simbi n'kuzizira. Ndaonanso momwe wayambira kumanga duku mpaka pa nsidze, ndi momwe unakanira kawiri kukajambulitsa chithunzi chimene a sukulu ankafuna, mpaka malo ako anatsala pang'ono kupita kwa wina. Werenga kaye zimene ndinachita ine, kenako uchite zako.

Ziphuphu zanga zinayamba chaka chimene ndinatha msinkhu. Kunyumba kunalibe galasi, koma ndinatola chidutswa cha galasi la lole m'mbali mwa msewu, ndipo chidutswacho chinandiwononga kuposa ziphuphuzo. Ndinkabisala nacho kuseri kwa nkhokwe, dzanja lina litagwira phini, n'kumaboola chilichonse chimene chatukuka. Zoyera zija zikatuluka ndinkaona ngati ndathana nacho. M'mawa mwake pomwepo pankatupa kuposa dzulo, ndipo pakapola pankatsala dontho lakuda kapena kadzenje. Maenje a patsaya langa lakumanzere, amene unkakonda kuwapapasa uli pamiyendo panga, si ziphuphu zinakumba. Ndinakumba ndine. Manja ako azikhala kutali ndi nkhope, Rozina. Ndimakuona ukamawerenga, chala chimayenda chokha pachibwano.

Anzanga a ku sukulu ya mishoni ankati ndine wauve, ndipo ndinawakhulupirira. Ndinayamba kusamba kumaso kasanu pa tsiku ndi sopo wochapira zovala. Ndinafika potenga mwala wokwechera mapazi n'kumakwecha nawo masaya. Mayi wina anandiuza za phulusa losakaniza ndi madzi a ndimu, ndinapaka, n'kuvina ndekha kuseri kwa bafa chifukwa cha kuwawa. Khungu linasupuka, likuwala ngati la nsomba youmika, koma ziphuphu zinangochuluka. Chimene chinayamba kundidabwitsa ndi mng'ono wanga Agnesi, amayi ako aang'ono. Tinkagona mphasa imodzi, kufunda bulangeti limodzi, kudya mbale imodzi. Iye kusamba kwake kunali kongodumphira m'nyanja n'kutuluka. Koma nkhope inali see, yopanda ngakhale kamodzi. Ndinkamuyang'ana akudya n'kumadzifunsa kuti ngati vuto ndi uve, bwanji uvewo ukusankha ine?

Kenako anati ndi mtedza. Agogo ako ankalima mtedza wambiri, ndipo ine ndinakhala chaka chathunthu osalawa ngakhale ndiwo zotendera. Panalibe chimene chinasintha. Koma chaka chimenecho, poti ndinkayang'anitsitsa, ndinatulukira china. Ziphuphu zazikulu zopweteka zija za m'chibwano zinkabwera kukatsala masiku ochepa kuti ndipite kumwezi, ndipo ndikamaliza zinkaphwa. Mwezi ndi mwezi, osaphonya. Sindinauze munthu. Ndikanamuuza ndani? Ndinangodziwa kuti pali china m'kati mwa thupi chimene chimaziitana, osati m'mbale. Iwenso tayang'anira zako, uone ngati zili ndi nyengo yake. Za zakudya sindinganene zambiri. Ukaona wekha kuti chakuti chikukuipira, chisiye, koma usadzimane chifukwa cha pakamwa pa anthu.

Tsiku lina ndinapita kudooko ndi dengu kukadikira nsomba. Agogo ako aamuna anali pakati pa amuna okoka khoka, atavula malaya. Bambo anga omwe, amene ndinkawaona tsiku ndi tsiku, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaona msana wawo bwinobwino. Kuyambira m'mapewa kutsika unali wa maenjemaenje ngati munda wokumbidwa mbewa. Ndinaganizanso za ndevu zawo zimene sankameta. Mwana wamkazi sakanafunsa bambo ake za thupi lawo, choncho ndinapita kwa mlongo wawo, azakhali anga. Iwo anaseka, n'kutembenuza nkhope kuti ndione m'munsi mwa khutu.

"Izi n'zakwathu," anatero. "Agnesi watengera kwa amake. Iwe ndiwe wathu."

Ndinabwerera kunyumba osadziwa kuti ndikwiye kapena ndinyade. Tsono iwe watengera ine. Mlongo wako Yohane wadya zomwe wadya iwe, koma nkhope yake ndi ya abambo ake. Palibe amene anakulodza, ndipo palibe chimene unalakwa.

Tsopano za mafuta aja. Msuweni wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi wailesi, jekete lalitali ndi timabotolo ta mafuta oyeretsa khungu. Anati akazi a kumeneko onse amadzola amenewo. Nthawi imeneyo chipani chinali chitayamba kutisonkhanitsa amayi ndi atsikana kuti tiziphunzira nyimbo zokavina kukabwera akuluakulu ku boma. Amayi amene ankatiyika m'mizere ankandiika kumbuyo nthawi zonse, ngakhale mawu anga ndi amene ankanyamula nyimbo. Nditadzola milungu ingapo, madontho akuda anayamba kuzilala, nkhope n'kuwala. Tsiku lina amayi aja anandigwira dzanja n'kundiimika kutsogolo. Sindikubisira, ndinasangalala kwambiri. Ndinadzola chaka ndi miyezi. Koma ntchito yathu inali yoyanika usipa pa thandala, dzuwa likuswa mtengo. Nkhope inayamba kupsa ngati ndayandikira ng'anjo. Ziphuphu zinabwerera zambiri, ndipo pamwamba pa masaya panayamba kuda mwa mtundu wina, kuda kwa mwaye, kumene sopo sachotsa. Zigamba ziwiri zimene anthu amaganiza kuti ndinabadwa nazo ndi zimenezo. Mafutawo sachiza chiphuphu. Amangosintha mtundu wa khungu chiphuphu chili pomwepo, kenako dzuwa limabweza chipongwe. Kachubu kako ndakabweza m'pitikoti momwe ndinakapeza. Ndikanakataya ukanakagula kena ku Limbe. Wakula, utaye wekha kapena usunge wekha.

Cholakwa chotsatira ndimachita nacho manyazi, koma chimandiseketsanso. Amayi akuluakulu ankandiyang'ana n'kumakodolana. Ankati ziphuphu ndi magazi ofuna banja, ndipo mtsikana akakwatiwa zimatha zokha. Abambo ako atabwera ndi amalume awo kudzafunsira mbeta, ine ndinali ndisanalankhule nawo kokwana katatu. Ndinkadziwa kuti ali ndi bwato lawo ndipo saledzera. Ndinavomera, ndipo theka la kuvomera kwanga linali la nkhope. Tsiku la ukwati ndinali ndi chachikulu pamphuno penipeni. Patatha mwezi ndinatenga galasi. Patatha miyezi isanu ndi umodzi ndinatenganso. Zinalipo zonse, mwina n'kuwonjezerapo. Ndinachita mwayi kuti mankhwala anakana koma mwamunayo anapezeka wabwino. Mwayi wotero si wa aliyense. Wina akadzakuuza kuti mwamuna ndiye mankhwala a ziphuphu, kaya ndi mayi wachikulire kaya ndi mnyamatayo mwini wake, udzamufunse kuti anachiza angati. Ndipo usadzavomere munthu chifukwa choganiza kuti ndi nkhope imeneyi wina sadzabwera.

Chimene chatsalachi sindinakuuzepo. Khala pansi.

Pa msika wa ku Mangochi panali bambo wina, Che Bwanali, wogulitsa singano, mabatani ndi mankhwala a mutu. Pansi pa benchi lake ankasunga makapisozi ofiira mbali ina, achikasu mbali ina. Ndikugulitsa utaka pafupi naye, anandiyang'ana n'kunena kuti ali ndi mankhwala otsuka magazi. Ndinagula. Rozina, pa zonse zimene ndinayesa, awa okha ndi amene anagwira ntchito. Patapita mwezi ndi theka zotupa zija zinayamba kuphwa. Ndinkadzuka m'mawa n'kupapasa chibwano osapeza chopweteka. Ulendo uliwonse wa ku msika ndinkabwera ndi ena. M'kati mwa zimenezi ndinaima, ndipo pathupi pake panali pa iwe. Sindinasiye kumwa. Sindinaganize n'komwe kuti mankhwala a nkhope angakhale ndi chochita ndi mwana wa m'mimba.

Ku sikelo ndinayamba mochedwa, pathupi pali pa miyezi isanu ndi iwiri. Pa chipatala cha mishoni panali a Mtawali, othandiza adokotala, bambo aafupi oyankhula pang'onopang'ono, amene ankandidziwa kuyambira ndili mtsikana. Atandiyeza ananena kuti nkhope yanga yasintha, n'kufunsa chimene ndachita. Ine monyadira ndinamasula pa mfundo ya chitenje n'kuwaonetsa. Anatenga kapisozi mmodzi n'kumutembenuza. Anafunsa kuti ndinayamba liti, ndinawauza. Sanandikalipire. Anati dzina lake ndi tetirasayikilini, ndi mankhwala enieni, ndipo iwo omwe amawapereka kwa anthu a ziphuphu, koma osati kwa mayi woyembekezera, woyamwitsa kapena mwana wamng'ono.

"Amalowa m'mano ndi m'mafupa a mwana pamene akupangika," anatero. "Musiye lero, mayi. Za mano tidzaona akadzamera."

Ndinayamba kulira, koma m'kati mwa kulirako ndinafunsa funso limene ndinakhala nalo zaka zonse: ziphuphu n'chiyani kwenikweni? Iwo anandiyang'ana modabwa, kenako anatembenuza khadi langa la sikelo n'kujambula kumbuyo kwake kachitsime kakang'ono, kokhala ndi katsitsi pakati. Anati khungu lonse lili ndi tizitsime totere, ndipo m'kati mwake mumatuluka mafuta ofewetsa khungu. Munthu akamatha msinkhu, timadzi ta m'thupi timene timameretsa mabere ndi ndevu, timene ankatitchula kuti mahomoni, timalamula kuti mafutawo achuluke. Mafuta akachuluka n'kusakanikirana ndi khungu lofundudwa, pakamwa pa kachitsime pamatsekeka. M'katimo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene munthu aliyense ali nato, ngakhale Agnesi. Pakatsekeka timapeza chakudya n'kuswana, thupi limayamba kulimbana nato, ndiye kutupa ndi mafinya aja. Makapisozi aja ankachepetsa tizilomboto ndi kutupako. Ndinafunsa za kumwezi, anati timadzi tija timakwera ndi kutsika mwezi uliwonse. Ndinafunsa za bambo anga, anati kapangidwe ka khungu kamayenda m'mtundu monga utali ndi mpata wa m'mano. Ndinafunsa za kadontho kakuda ka pamwamba pa chiphuphu, anati si litsiro, ndi mafuta omwewo amene ada atakumana ndi mpweya. Ndinaganiza za mwala wokwechera mapazi uja. Kunja kunali mzere wa amayi, koma anandiyankha zonse.

Unabadwa wamphumphu, wolira mokweza. Ndinayamba kudikira mano. Oyamba atatuluka anali achikasu, ndipo m'kupita kwa miyezi anasanduka otuwa ngati phulusa lonyowa. Onse a ubwana anamera otero. Anthu anayamba kufunsa. Wina ananena kuti mwina ndi madzi a pachitsime chathu chakale cha kumunsi kwa mibawa, ndipo ine ndinagwira mawu amenewo ndi manja awiri. Ndinkawabwereza kwa aliyense, mpaka abambo ako anakumba chitsime china, chimene timamwa lerochi. Iwenso unakula ukudziwa kuti chitsime chakale chinakuwonongera mano. Chitsimecho chinalibe mlandu. A Mtawali anali atandiuza kuti mano a ukulu mwina adzapulumuka, poti ambiri amayamba kulimba mwana atabadwa kale, koma anati sangalumbire. Ndinadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Dzino lako loyamba litaguluka unabwera nalo m'manja ukuseka, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkakuitana m'mawa uliwonse kuti ndikuchotse manthongo, chonsecho ndikufuna kusuzumira m'kamwa. Tsiku limene nsonga yoyera inatulukira m'nkhama, ndinapita kumunda wa chinangwa ndekha n'kukhala kumeneko mpaka misozi inatha. Ndikhululukire pa makapisozi, chifukwa sindinkadziwa. Pa bodza la chitsime ndinkadziwa, ndipo pamenepo ndikupempha kwambiri.

Utaleka kuyamwa ndinabwerera kwa a Mtawali kuti andithandize mwa njira yake. Anandipatsa makapisozi omwewo ndi mafuta opaka onunkha ngati dzira lowola. Anati ndimwe ndi madzi ambiri, osati ndi mkaka, ndipo ndisayembekeze kuona kanthu msanga. Patatha milungu itatu ndinatopa n'kusiya, poganiza kuti a ku chipatala ndi ofooka kusiyana ndi a Che Bwanali. Ndinali nditaiwala kuti ajanso anatenga nthawi. Nditabwereranso mwamanyazi, anati mankhwala oterewa ukamamwa modumphadumpha tizilombo timawazolowera, ndiye tsiku limene udzawafune pa matenda aakulu adzakukana. Ulendo wachiwiri ndinamaliza miyezi yonse imene ananena, ndipo nkhope inakhala bwino nthawi yaitali.

Tsono iwe ukupita kumene kuli madokotala. Mwezi woyamba womwewu, pita ukaonetse nkhope, usadikire kuti zipsera zichuluke. Usachite manyazi kuti ena akudwala zazikulu. Chimene chingamukanize mtsikana kujambulitsa chithunzi cha sukulu si chaching'ono. Ndamva kuti masiku ano kuli mankhwala ena opaka abwino kuposa anga onunkha aja, ukafunse. Akakupatsa, umalize monga anenera. Tsiku lina udzagwira makiyi a kabati ya mankhwala, ndipo anzako a m'chipinda adzakupempha kuti uwatapireko. Usadzakhale Che Bwanali wovala zoyera, kwa iwo kapena kwa iwe mwini. Ndipo dokotala akadzakufunsa ngati uli ndi pathupi kapena ukukayikira, unene zoona, ngakhale zoonazo zikhale zoti ine sindingakondwe nazo. Kumaso uzisamba m'mawa ndi madzulo ndi sopo wosambira, ndi manja okha, osakwecha. Mafuta olemera a m'chitini amene timadzola kunyumba kuno uzidzola m'miyendo, kumaso ayi. Manja kutali ndi nkhope, ndanena kale, ndanenanso.

Ndili ndi pempho langa. Pali mafunso amene a Mtawali anapuma ntchito ndisanawafunse. Bwanji zimakonda nkhope, msana ndi chifuwa, koma m'miyendo ayi? Ngati tizilomboto tili pa aliyense, timagwira ntchito yanji pa anthu amene sitiwavutitsa? Bwanji zanga zinadzatha zokha ndili ndi ana anayi, popanda kumwa kanthu, pamene za azakhali anga zinatha asanakwatiwe? Ndipo n'chiyani chimasankha kuti mwana uyu atengere mayi, uyu atengere bambo? M'dziko muno muli mafunso amene timangomeza, iwe ukuwadziwa, ndipo amenewo ukamezenso kumeneko. Koma za khungu palibe amene adzakugogodere pakhomo. Ukafunse aphunzitsi ako mpaka atope nawe, ndipo ukapeza yankho undilembere m'Chichewa chomveka, osati m'chizungu cha m'mabuku anu.

M'mawa uno, ndisanayambe kulemba, ndinaganiza kuti si bwino iwe udziwe chimene abambo ako sakuchidziwa. Ndinawapeza akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinawauza zonse, za makapisozi ndi za mano ako. Sanaimitse dzanja. Anati akudziwa. Tsiku lija la ku sikelo iwo ndi amene anandiperekeza pa njinga, ndipo ine ndikusamba kumaso pa mpope kuti misozi isaoneke, a Mtawali anawaitanira m'kati n'kuwauza kuti akataye makapisozi onse a m'nyumba. Otsala m'nyumba sindinawapezenso, ndipo ine zaka zonsezi ndinkaganiza kuti makapisoziwo ndinachita kuwasokoneza ndekha.

Ndinawafunsa kuti nanga chitsime chija anakumbiranji, milungu iwiri yathunthu m'dothi louma la mwezi wa Okutobala.

"Anthu ankafuna choloza chala," anatero. "Ndinaona kuti bola aloze chitsime. Chitsime sichilira."

Atatero anandipempha kuti ndiwagwirire mbali ina ya ukonde, ndipo ndinawagwirira.

Uyende bwino, mwana wanga. Pa lole ukhale pakati, osati m'mphepete, msewu wakumbika kwambiri chaka chino. Ambuye akusunge kumene ukupitako.

Ndine mayi ako,
Esinati